Njinga Yogwadira Apongozi

Padangokhala. Amene mulipo vomerani kuti tili tonse. Amene kulibe adzaimva kwa anzawo itatha kale mchere.

Tsiku limene njinga ija inafika, amene analipo ndi awa. Mayi Nungu, amene mawu awo ndiwo anali otsiriza pabanjapo. Ang'ono awo awiri, anungu okhaokha. Mwana wawo Ndaziona, ndi mwamuna wake Gologolo, mkamwini wa pamudzipo. A Njiri anyakwawa analiponso. Iwowa anali mkamwini kwa mayi Nkhanga kutsidya kwa msewu, sanaitanidwe, koma fungo la thobwa la eni sankaliphonya. Ndiye panali a Dokowe, malume ake a Gologolo, aja amapita kutali chaka ndi chaka n'kubwerako ndi zinthu zachilendo. Amene kunalibe ndi ankhoswe a Gologolo, omwe anatumiza mawu akuti miyendo yawavuta, ndi a Fulu okalamba, poti anali gone, akudwala. A Fuluwo asungeni mumtima, tiwapeza kutsogolo.

Gologolo anali atakhalitsa pachikamwini. Nkhokwe anamanga, khitchini anafolera, ndipo mtima wake tsopano unali pa chinthu chimodzi, chitengwa, kuti amutenge Ndaziona akakhale naye kwawo. Anali atapempha kale kudzera mwa ankhoswe, koma mayi Nungu anangoti, "Tiziona." Chimene chinkawadetsa mtima aliyense ankachidziwa. Gologolo anali waphuma. Mwambo umati mkamwini akakumana ndi apongozi panjira atsike panjinga, apatuke, anyonyomale mpaka adutse. Iye pa njinga yake yakale moni ankapereka ndi mchira, mwini wake ali uko.

Tsono njinga imene anabwera nayo a Dokowe sinali ngati zathuzi. Matayala opyapyala ngati chala, mahandulo opindikira pansi ngati nyanga za nkhosa, kaliyala palibe, belu palibe. Mayi Nungu anaizungulira n'kufunsa, "Nanga thumba la kuchigayo likhala pati?"

"Iyi si yonyamulira, asewere," anatero a Dokowe. "Ndi yothamangira."

"Kuthamangira kuti?"

"Kuthamanga kokha basi."

"Oo," anatero mayi Nungu. "Kumene mumapitako anthu ake ndi okhuta."

Kenaka a Dokowe anatulutsa nsapato zake za njingayo. Kunsi kwa nsapato iliyonse kunali kachitsulo, ndipo mapedulo anali ang'onoang'ono, okhala ndi kakamwa. Ukaponda, kachitsulo kamalowa m'kakamwamo, khatcha, phazi ndi pedulo n'kusanduka chinthu chimodzi.

"Ubwino wake, mphwanga, phazi siliterereka," anatero a Dokowe. "Mwendo uwu ukamakankha, winawo ukukoka. Koma tamvera. Kulowa n'kosavuta. Potsika, chidendene..."

"Amalume," anawadula Gologolo, diso lili kwa apongozi ake kuti amve, "kutsika mundiphunzitse ine? Ine amene ndimatsika mumtengo mutu uli pansi?"

Anthu anaseka. A Dokowe anatseka mlomo wawo wautali uja, anamaliza thobwa lawo, ndipo kutacha anauluka ulendo wawo. Mawu otsala aja anapita nawo.

M'mawa womwewo Ndaziona anamugwirira njinga. Gologolo anamanga nsapato, anaponda, khatcha, anapondanso, khatcha, n'kunyamuka. Kukoma kwake tisabise, kunalipo. Chitunda chimene kale ankatsikira n'kumakankha, anachikwera akuimba likhweru. Miyendo inkazungulira yokha ngati yaiwala kutopa. Anadutsa a Gwape, anadutsa a Mbawala, mchira uli petupetu kumbuyo ngati mbendera, ndipo mumtima ankati, ine ndi njingayi tinabadwa tsiku limodzi.

Pobwerera anaona amayi akuchokera kumjigo, kutsogolo kuli mayi Nungu, mtsuko uli pamutu. Gologolo anati, lero ndi lero, aone ulemu wanga chitengwa chifewe. Anagwira buleki. Anakweza phazi lamanzere kuti aponde pansi. Phazi linakana. Analikokera kumbuyo, linakana. Njinga inaima, inakhala kaye chilili ngati ikuganiza, kenaka inayamba kupendekera kumanzere pang'onopang'ono ngati nthochi yodulidwa. Khu. Mayi Nungu anadzidzimuka, mtsuko unatsetsereka, phwa, madzi mbwee.

Wina akanalira, wina akanatukwana. Koma Gologolo mutu wake unkathamanga kuposa njinga. Ali chigonere chammbali, mapazi akadali m'mapedulo, anayamba kuwomba m'manja, kuwomba kwake kwa ulemu kuja, kofewa.

"Mwadzuka bwanji, apongozi?"

Mayi Nkhanga, apongozi a a Njiri, ndiwo anathamanga. "Mwavulala, atate?"

"Kuvulala ayi, amayi. Uwu ndi ulemu wa kumene yachokera njingayi. Kumeneko amati mkamwini kugwada yekha njinga ili chilili ndi mwano. Zigwade zonse, mwini wake ndi njinga yomwe."

Mayi Nkhanga anagwira pakamwa n'kutembenukira anzawo. "Mwamva? Wanga uja akandiona amangovula chipewa, nachonso chochita kumukumbutsa." Ndiye anati, "Dzukani tsono, tawuona."

"Sindingadzuke apongozi asanadutse."

Amayi analuluza. Mayi Nungu okha sanaluluze. Anayang'ana mapale a mtsuko, anayang'ana mapazi a mkamwini wawo, anawayang'ananso kachiwiri. Kenaka anawerama, anatola khosi la mtsukowo, n'kunena kuti, "Zikomo, atate." Anadutsa.

Atazimiririka onse, Gologolo anamasula zingwe, anazula mapazi m'nsapato, n'kukankha njinga mpaka kunyumba wopanda nsapato, nsapatozo zikulendewera m'mapedulo.

"Nsapato mwazisiyiranji panjinga?" anafunsa Ndaziona.

"Zimagona pomwepo. Ndi mwambo wake."

"Nanga ntchafuyi yatani?"

"Ulemu umenewo."

"Ulemu wake wotupa chonchi?"

Gologolo anangotambasula mwendo. Ndaziona anatereka madzi n'kumuthowa.

Dzuwa lisanapendeke nyimbo inali itabadwa kale pamtondo. Woyambitsa ankafunsa kuti ndani anaphunzitsa chitsulo kugwada, ovomera n'kumayankha kuti ndi mkamwini wa kwa a Nungu, ndipo pa mawu otsiriza misi yonse inkagwera mumtondo nthawi imodzi, ngati munthu wagwa ndi njinga. Gologolo ataimva anatambasula mchira. Ntchafu inkawawa, koma dzina linali litakwera.

Masiku otsatira anachenjera. Njinga sanaisiye, poti anaikonda, koma ankasankha njira zopanda apongozi, ndipo akafuna kuima ankalunjika pamtengo, n'kuukumbatira, n'kumasula zingwe bwinobwino. Zinkayenda. Koma mitengo siimera paliponse pamene munthu ayenera kuima.

Tsiku lina akuchokera kutali anapeza masamba aikidwa pamsewu. Mukudziwa nonse, pamasamba a maliro wanjinga amatsika, amavula chipewa, n'kudutsa akukankha. Pambali panaima a Njiri anyakwawa ndi adzukulu, kuyang'anira opanda mwambo. Mtengo wapafupi panalibe. Gologolo anagwira buleki, anakoka phazi mwina lero limumvera chisoni, koma phazi linali lomwe lija. Njinga inaganiza, inapendekera kumanzere. Khu, pamasamba penipeni.

Apa kuwomba m'manja sikukanathandiza, apongozi panalibe. Ndiye Gologolo anabisa nkhope m'mchira n'kuyamba kusisima.

"N'chiyani, mkamwini mnzanga?" anafunsa a Njiri.

"Chisoni, anyakwawa. Ndangoona masambawa, mawondo asungunuka."

"Munkawadziwa kwambiri, eti?"

Tsono Gologolo sankadziwa n'komwe kuti wamwalira ndani. Koma pakamwa pake sipankadikira mutu. "Kuwadziwa? Munthu ameneyo liwiro lake sindidzaliiwala."

A Njiri anakanda njerewere zawo. "Liwiro? A Fulu?"

"Liwiro la nzeru, anyakwawa. Mutu wawo unkafika kumene miyendo inali isanaganizeko."

Adzukulu anagwedeza mitu, anati zoona, mawu amenewa anenedwenso kumanda. Anafuna kumudzutsa, njinga inadzuka naye limodzi. Wina anati taonani, chisoni chamuumitsa ndi mapazi omwe. Gologolo anawanong'oneza kuti amumasule zingwe, poti pa siwa ya munthu wamkulu chotere sangafike ndi nsapato. Anamunyamula, anakamukhazika pakati pa anamfedwa. Itabwera nkhuku ya achibale, nthutumba anapatsa iye, akuti alimbe mtima. Kumanda khasu sanagwire, anati manja akunjenjemera. Nthutumba imeneyo muisunge, ndiitchulanso.

Nyimbo ija inaonjezera ndime. Tsopano woyambitsa ankafunsa kuti ndani anaphunzitsa chitsulo kulira maliro, yankho n'kukhala lomwe lija, misi n'kugwa pamodzi.

Apa ndiye akamwini a mudzi wonse anaona zakuda. Mpongozi aliyense anayamba kuwerengera wake. Uyu akatsika panjinga n'kunyonyomala monga mwa kale, apongozi ankangoyang'ana kumbali n'kunena kuti ena ali ndi mwayi. Mpaka a Njiri anabwera kwa Gologolo m'mamawa, chipewa chili m'manja.

"Mkamwini mnzanga, mwatiika pamoto. Apongozi anga sakundiyankhanso moni. Dzulo ndiwo anandipatsa za m'mbale ya ana. Ndiphunzitseni kagwedwe kameneka."

Gologolo akanatha kunena zoona pamenepa, panalibe wina womva. Koma anawayang'ana a Njiri ngati mmisiri woyang'ana thabwa.

"Njinga yanu ndi yolemera, anyakwawa. Koma yesani. Musaganize. Gwirani buleki, tsinzinani, thupi lidziwa lokha."

A Njiri anayesa tsiku lomwelo. Koma iwo kulemera kwawo kuli kumutu, ndiye m'malo mogwera kumbali ankapitirira kutsogolo n'kukafikira mawondo. Mayi Nkhanga anati si zenizeni, komabe n'chiyambi, apitirize.

Tsono mayi Nungu, amene kale sankachoka pakhonde, anayamba kukonda msewu. M'mawa ankakaothera dzuwa pamphambano, pamene njira zonse za Gologolo zinkakumana. Madzulo ankati akukaona ngati mvula ikubwera, pamphambano pomwepo. Ndipo pamalopo panalibe ngakhale chitsa choti munthu n'kukumbatira. Gologolo popita, khu. Pobwera, khu. Nthawi zonse kumanzere. Mayi Nungu nthawi zonse, "Zikomo, atate," maso ali pamapazi. Ubweya wa kumanzere unatha, chigongono chinasupuka, ndipo pogona ankagonera mbali imodzi ngati nsomba yapachiwaya.

Tsiku lina Ndaziona anamupeza Gologolo kuseri kwa nkhokwe. Anali pa njinga, dzanja limodzi litagwira mzati, akulimbana ndi phazi lake. Analikokera m'mwamba. Analikokera kumbuyo. Anapondereza chidendene pansi, anachikweza. Anali atapaka ndi mafuta ophikira omwe. Pomaliza anayamba kuyankhula nayo pedulo, poyamba moinyengerera, kenaka moitchula makolo ake.

"Ndiye mwambo wake umenewu?" anatero Ndaziona.

Gologolo anatsala pang'ono kusiya mzati. "Ndikuiphunzitsa ulemu wina watsopano."

"Abambo, amene ndimakuthowani ndine. Phazi silituluka."

Gologolo anayang'ana phazi lake. Kenaka anati, "Silituluka."

"Ndiye ingoisiyani. Yakale ija ilipo."

"Sungamvetse. Ikamayenda, Ndaziona, ndimakhala ngati ndamera mapiko. Vuto ndi kuima kokha."

"Auzeni amayi zoona."

"Ndikawauze kuti ulemu wonse uja unali wa nsapato? Kuti mtsuko unafera bodza? Ndiye chitengwa ndachitaya, tidzakalambira pano ndikufolera makhitchini a ang'ono awo."

"Mukapitiriza mudzanditenga chitengwa ndikukukankhani pa wilibala. Amalume anati chiyani?"

"Anati chidendene."

"Chidendene chitani?"

"Ndinawadula."

Ndaziona anaseka mpaka anakhala pansi. "Safunsa anadya phula. Inu munapemphedwa kuti mumve, n'kukana. Mudya ndi njuchi zomwe." Komabe anadzuka n'kumumasula zingwe, poti mwamuna wako ndi wako ngakhale atamatirira pachitsulo.

Asanapeze nzeru, uthenga unabwera. Mayi Nungu anati yankho la chitengwa lapsa, alipereka pabwalo, pamaso pa onse, ndipo mkamwini abwere pa njinga yake. Ankhoswe aja miyendo inachira atangomva kuti kuphedwa mbuzi. Mudzi wonse unasonkhana, akamwini kutsogolo kuti aonetsetse kagwedwe kake, a Njiri atamanga nsanza m'mawondo.

Gologolo anachokera kumsewu, akupalasa mwaulemu, mumtima akuti, ndigwe komaliza, ntchafu ipirire, mawa ndili kwathu. Koma atayandikira anaona mayi Nungu akudzuka pamphasa n'kukaima pakati pa bwalo.

"Ulemu uwu ndakhala ndikuulandirira patali," anatero mokweza. "Lero ndiulandire pafupi, ndimve kulemera kwake. Muime apa, atate."

Analoza pansi ndi phazi. Iwo anaima kumanzere kwa malowo, pafupi penipeni, n'kuimika minga yawo yonse, waa. Ang'ono awo awiri anakaima kumanja, nawonso waa. Pakati panangotsala kampata kokwana njinga.

Amayi anayambitsa nyimbo ija, m'malo mwa misi akuwomba m'manja. Gologolo analowa m'kampatako, anayang'ana kumanzere, anayang'ana kumanja, n'kutulukira kutsogolo osaima.

"Mwapitirira, atate."

"Njinga ikulonjera kaye anthu onse, apongozi. Ikuti isakondere."

Anazungulira bwalo. Nyimbo inafulumira pang'ono. Analowanso.

"Apongozi, mukanasendera pang'ono. Fumbi lingakudetsereni chitenje."

"Chitenje n'chochapa."

Anapitiriranso. Ankhoswe anayamba kuyang'anizana. A Njiri anafuula kuti, "Imani, achimwene, nafe tiphunzire, mawondo atha kuno." Nyimbo inali ikuthamanga tsopano, funso ndi yankho zikupondana, ndipo manja onse anali okonzeka kugwa pamodzi pa mawu otsiriza.

Akubwera kachitatu, mayi Nungu anayankhula osakweza mawu, koma Gologolo anamva bwinobwino. "Atate, mukadutsanso, yankho langa mwalidutsa nalo limodzi."

Gologolo anayang'ana kwa Ndaziona. Ndaziona anali ataphimba maso ndi mpango. Ndiye anagwira buleki.

Njinga inaima. Inaganiza, monga mwa chizolowezi chake. Inayamba kupendekera kumanzere. Gologolo anaona nsonga za minga zikubwera, zakuda ndi zoyera, ndipo nzeru zonse zinamuthawa. Panalibe bodza loti n'kuyala pamingapo. Mutu utasiya kulamula, thupi linakumbuka zakwawo. Gologolo akaterereka mumtengo mutu uli pansi, sakoka phazi. Amapotoza chidendene, kuchiponyera kunja, kuti zikhadabo zigwire khungwa kumbuyo. Chidendene chamanzere chinapotokera kunja chokha.

Khatcha.

Phazi linatuluka ngati silinakanepo, n'kuponda pansi. Gologolo anapezeka ali chilili, munga umodzi ukumukanda khutu.

Manja aja anatsala m'malere. Nyimbo inaduka pakati. Mayi Nkhanga ndiwo anayamba. "Sanagwetu."

"Sanagwe," anavomera ena. Wina kumbuyo anati mwano. Ankhoswe anayamba kufufuza ndodo zawo.

Gologolo mwakachetechete anayesa phazi lamanja, anaponyera chidendene kunja. Khatcha. Nalonso linatuluka. Mumtima anati, amalume, kani mawu ake anali amenewa? Ndipo pomwepo nzeru zija zinabwerera pamalo pake. Anatsika, anagoneka njinga pambali bwinobwino, ananyonyomala monga achitira mkamwini aliyense, n'kuwomba m'manja.

"Apongozi, ndi inu nonse akuluakulu. Kumene yachokera njingayi ulemu uli pawiri. Wogwa uja ndi wa mkamwini amene akupempha. Koma njinga ikamva kuti mtima wa apongozi wavomera, imakana kugwa, imamumasula mwini wake. Ine ndayesetsa, mwaona nokha, mpaka kuzungulira. Yakana."

Bwalo lonse linatembenukira kwa mayi Nungu. Iwo anagoneka minga pang'onopang'ono, anasendera pafupi ngati akukonza chitenje, n'kuyankhula motsitsa kuti amve iye yekha.

"Latuluka phazi?"

Gologolo anayang'ana pansi. "Latuluka, apongozi."

"Mwangozi kapena mwadziwa?"

"Loyamba mwangozi. Lachiwiri ndadziwa."

"Tione." Ndiye anakweza mawu. "Njinga imeneyi ndiimvenso kachiwiri, mwina yasintha maganizo. Kwerani, atate."

Anaimikanso minga, ang'ono awo chimodzimodzi. Gologolo anakwera, khatcha, khatcha, anazungulira bwalo. Ulendo uno sanadikire kuti njinga iyambe kuganiza. Akadali patali anaponyera chidendene kunja, phazi linamasuka, analilendeweretsa, kenaka anagwira buleki n'kuponda pansi pamalo pomwe analozeredwa paja, mofatsa ngati munthu wotsika pakhonde.

"Njinga yanena zoona," anatero mayi Nungu. "Mtengeni mkazi wanu."

Nthungululu zinabuka, ankhoswe anasiya ndodo n'kufunsa kuti mbuzi yafika pati. M'phokoso lomwelo mayi Nungu anaweramiranso kwa mkamwini wawo.

"Mapazi ndinawaona tsiku la mtsuko lomwe lija. Kugwada sindinkakufuna. Akamwini ogwada ndawaona ambiri, ena anagwada mpaka tsiku lothawa. Ine ndinkafuna ndione ngati mumatha kuima. Mwana wanga sindingamupereke kwa munthu wodziwa kuthamanga kokha."

"Nanga ndikanagwera pa inu, apongozi?"

"Mukanaphunzirabe."

A Njiri anakwawira kwa mayi Nkhanga, nkhope ili ngwee. "Ndiye kuti nafenso tamasuka, apongozi?"

"Yanu ija yanenapo kanthu?"

"Siyankhula, apongozi. Ilibe khatcha."

"Ndiye pitirizani mpaka idzayankhule."

N'chifukwa chake a Njiri mpaka lero mawondo awo ndi a zikang'a, ndipo ngakhale pakudya amagwada, poti sadziwa kuti apongozi atulukira kuti.

Gologolo anapita kwawo ndi Ndaziona, katundu pa njinga yakale, poti yatsopano ija thumba inalikanabe. Nsapato zinayamba kugona m'nyumba. Kuzolowera kwenikweni kunabwera pang'onopang'ono. Anaphunzira kuyang'ana patali, kuona masamba, mbuzi kapena munthu wamkulu asanafikepo, n'kumasula phazi nthawi ikadalipo. Anaphunzira kuti ukamasula lamanzere uzipendekera kumanzere komweko, poti tsiku lina anamasula lamanzere n'kugwera kumanja, pakhomo pa amayi ake omubereka, popanda woonerera wina koma Ndaziona.

"Umenewu ndi ulemu wa ndani?" anafunsa Ndaziona.

"Uku ndi kugwa chabe," anatero Gologolo, ndipo anaseka onse awiri, iye akadali pansi.

Ubweya unameranso. Nyimbo ija ikuimbidwabe pamtondo, koma amayi anaisintha mathero. Pa mawu otsiriza misi imaima kaye m'malere, kenaka n'kutsika mofewa. Ndipo mukadzamuona Gologolo akutsika mumtengo mutu uli pansi, musayang'ane mchira, yang'anani zidendene.

Tsono zimene zinatsala ndi izi, poti nkhani ikakoma anthu amaiwala. Nthutumba ya pamaliro a a Fulu inadyedwa ndi munthu wosadziwa wamwalira, ndipo pamandapo sanakalambulepo ngakhale kamodzi. Mafuta ophikira a Ndaziona amene anathera m'mapedulo sanabwezedwe. A Dokowe mawu awo akadali theka. Amabwera chaka ndi chaka, Gologolo amawawonetsa katsikidwe ngati anatulukira yekha, ndipo pepani sanamutchule. Mawondo a a Njiri palibe angawabweze, koma ngakhale mankhwala opaka sanawapititsire. Ndiye pali mtsuko. Khosi lake mayi Nungu analisomeka kudenga la khonde, ndipo Gologolo akabwera kudzacheza, akaima bwinobwino n'kutsika n'kunyonyomala, iwo amalandira moni, kenaka n'kuyang'ana kudengako.

Nthano ndiye yathera pamenepa. Mtsuko sunabwere.